Mwana wa Maso Abwino Amene Sapenya: Phunziro la Aphunzitsi ndi Akulu a Mpingo

Abale okondedwa a ku Nyachikadza ndi a midzi yonse ya m'mbali mwa Shire, phunziro la mwezi uno tiri kulembera makamaka inu aphunzitsi, akulu a mpingo, amai otsogolera anzanu, ndi alangizi a zaumoyo amene muyenda m'midzi. Koma makolo omwe awerenge, pakuti nkhaniyi njao.

Pali mwana amene ambiri a ife tinamuona, koma sitinamzindikire. Anadwala malungo akulu ali wa zaka zitatu kapena zinai, nakomoka, nagona masiku awiri osadziwa kanthu. Abale anampalasa pa bwato usiku kunka naye kuchipatala, ndipo Mulungu anamchitira chifundo, natsitsimuka. Atabwera kumudzi, amache anaona kuti zinthu siziri monga kale. Maso ache ali oyera, opanda ng'ala, opanda mafinya. Kamwana ka m'diso kachepa pa dzuwa nikakula mumdima monga mwa ana onse. Koma amache akaima pakati pa amai anzao padoko, mwanayo awapitirira, kufikira atamva mau ao. Chikho chache chofiira achitola msanga chikakhala chokha pamphasa. Chikhale pakati pa mbale ndi zipande, afufuza ndi manja monga wakhungu. Lero aona, mawa saona. Tsono anthu ati, "Achita dala." Ena ati, "Malungo anamsiyira uchitsiru." Enanso anong'ona dzina la nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi. Akalowa sukulu alandira chikoti chifukwa cha ulesi umene alibe.

Ifenso tibvomere kuti tinalakwa momwemo. Tinayang'ana maso a mwana wotere, tinawapeza abwino, ndipo tinati bvuto liri mumtima mwache. Sitinadziwa kuti munthu akhoza kukhala ndi maso angwiro nakhala wosapenya bwino.

Kupenya kuchitika kuti?

Diso ndilo mthenga chabe. Lilandira kuunika, nilitumiza uthenga pa mtsempha wache kulowa m'mutu, ndipo uthengawo uyenda ulendo wonse kufikira kunkhongo, kumene kuli gawo la ubongo loulandira. Kumeneko ndiko kubwalo la mfumu. Mthenga akhoza kufika bwino ndi mau onse osataya amodzi, koma mfumu ikakhala iri kudwala, mlandu suweruzidwa. Chomwecho mwana amene tiri kunena ali ndi amithenga awiri amoyo, koma pabwalo ndipo pali chisokonezo. Azungu atcha bvuto limeneli ndi zilembo zitatu, CVI, ndiko kunena kusapenya kochokera mu ubongo. Aphunzitsi asunge zilembozi, pakuti adzakomana nazo m'mabuku. M'maiko olemera, kumene ng'ala ndi matenda ena a maso achizidwa msanga, ili ndilo bvuto loyamba lochititsa ana kusapenya.

Nzeru imeneyi anthu anaigula ndi mwazi. Pa nkhondo ya Japan ndi Russia ya 1904 ndi 1905, dotolo wa maso wa ku Japan dzina lache Tatsuji Inouye anasamalira asilikari olasidwa zipolopolo kunkhongo. Maso ao sanakhudzidwe konse, koma yense anataya mbali yina ya kupenya kwache, monga mwa malo amene chipolopolo chinapyola. Analemba zimenezi m'chaka cha 1909. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 dotolo Gordon Holmes anapeza zomwezo mwa asilikari a Britain, ndipo mnzache George Riddoch anaona chinthu chodabwitsa m'chaka cha 1917: ena a iwo sanakhoza kuona chinthu chokhala chete, koma chikagwedezeka anachizindikira. Taonani tsono chifukwa chache mwana wathu aona nkhuku yothamanga, koma apunthwa pa mtondo woima pakhomo.

Kuchokera kunkhongo uthenga ugawika panjira ziwiri. Njira ya pansi itsikira cha kumakutu, ndiyo yodziwitsa munthu kuti ichi nchiani, uyu ndani. Ikapwetekedwa imeneyi, mwana aona nkhope koma saidziwa mwini wache. Azindikira atate wache ndi mau, kapena ndi chipewa, ndipo atatewo akabvula chipewa akhala ngati mlendo. Njira ya pamwamba ikwera pamwamba pa mutu chakumbuyo, ndiyo yodziwitsa kuti chinthu chiri pati. Itsogolera dzanja ndi phazi, nisankha chimodzi pakati pa zambiri. Imeneyi ndiyo ipwetekedwa kawiri kawiri. Mwana wotere sapeza malaya ache pamulu wa zobvala. Pamsika wa pa Nsanje agwiritsa nsaru ya amache nalira, pakuti khamu la anthu lamsandukira phala. Kawiri kawirinso saona bwino za pansi pa mapazi ache. Chifukwa chache aopa kutsika pagombe kulowa m'bwato, nayamba wafufuza ndi phazi kapena kukhala pansi, angakhale anzache a msinkhu wache alumphira osaganiza. Ameneyo si wamantha. Aona madzi, bwato ndi gombe, koma sadziwa pamene china chithera ndi pamene china chiyambira. Akatopa, akadwala, kapena pakakhala phokoso lambiri, kupenya kwache kucheperatu. Ndicho chifukwa chache aona lero nalephera mawa.

Chimene chipweteka ubongo kuno kwathu

Zoyamba ndizo za pa kubadwa: mwana wochedwa kulira chifukwa mai anabvutika nthawi yaitali, mwana wobadwa masiku asanakwane, ndi chikasu chachikulu cha masiku oyamba. Zina ndizo matenda oumitsa khosi, madzi ochuluka m'mutu, kukomoka kosalekeza, ndi kugwa kopweteka mutu. Koma kwa ife okhala m'dambo, pakati pa bango ndi udzudzu, mdani wamkulu ndiye malungo olowa mu ubongo.

Pa nkhani ya malungo amenewa dziko lonse lapansi linaphunzira kwa ana a m'Malawi muno. M'chaka cha 1986 madotolo awiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anayamba kufufuza matendawa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Muyeso wao woyesera kukomoka kwa mwana, umene anaulemba m'chaka cha 1989, utchedwa ndi dzina la Blantyre m'zipatala za maiko ambiri. Komweko dotolo wa maso Susan Lewallen anaunika m'kati mwa maso a ana okomoka, napeza zizindikiro zoyera ndi timadontho ta mwazi kumbuyo kwa diso, zimene zisonyeza kuti malungo alowadi mu ubongo. Analemba zimenezi m'chaka cha 1993. Ndipo m'chaka cha 2015 Karl Seydel ndi anzache, pojambula m'kati mwa mitu ya ana ndi makina, anasonyeza kuti chimene chipha ambiri ndicho kutupa kwa ubongo. Dotolo Gretchen Birbeck anatsata ana opulumuka kufikira kwao, nalemba m'chaka cha 2010 kuti mwa ana 121 amene anali bwino asanadwale, 28 anatsala ndi chilema chatsopano, cha kuyenda, cha kulankhula, kapena cha kumva kaya kupenya.

Pano pali mau awiri oyenera kuwagwira bwino. Oyamba ndi akuti zizindikiro za m'diso zija zifafanizika mwana akachira. Khungu lotsala lichokera mu ubongo. Achiwiri ndi otonthoza: ana ambiri amene atsitsimuka ali osapenya konse ayamba kuonanso patapita masabata kapena miyezi. Makolo asataye mtima msanga. Komatu kubwerera kwacheko nthawi zina sikukhala kwathunthu. Mwana aona kuunika, aona njira, aona nsima, ndipo onse ati wachira. Koma zobvuta zija za khamu, za nkhope ndi za pansi pa mapazi zitsala zobisika, nizidzaonekera tsiku limene apatsidwa buku.

Tikumbukire kuti ophunzira a Ambuye, poona munthu wosapenya chibadwire, anafuna kudziwa wochimwa, kapena iye kapena akumbala, ndipo Ambuye anakana zonse ziwiri. Werengani Yohane 9. Werenganinso Marko 8, za munthu wa ku Betsaida amene kupenya kwache kunabwera kawiri: poyamba anthu anamuonekera osadziwika bwino, onga mitengo, ndipo pambuyo pache ndipo anaona zonse mbee. Sitinena kuti nthenda yache inali yomweyi. Si kwa ife kudziwa. Koma nkhaniyo itiphunzitsa kuti pakati pa khungu ndi kupenya pali malo ena, ndipo munthu akhoza kukhalamo. Mkulu wa mpingo wodziwa ichi adzaletsa mlandu wa ufiti usanayambe.

Kumene mphunzitsi angaphunzire

Tsono tifike pa funso limene aphunzitsi afunsa: nzeru imeneyi tiitenge kuti?

Dziko lathu la Nsanje si lachilendo pa nchito ya ana osapenya. Sukulu ya akhungu ya ku Lulwe, imene inayambidwa ndi a mishoni ya South Africa General Mission, iri imodzi ya zoyamba m'dziko lino, pamodzi ndi ya ku Chilanga ku Kasungu. Ku Makande, m'boma la Chikwawa, kuli chipinda cha ana osapenya pasukulu ya ana onse. Ndipo aphunzitsi a ana otere aphunzira nchito yao ku Montfort, pa Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Mphunzitsi wa kumudzi amene ali ndi mwana womzunguza mutu ayambe wafunsa kwa mnzache wophunzira ku Montfort. Ndipo mnyamata kapena namwali wa mpingo wathu amene mtima wache umkokera ku nchitoyi alimbikitsidwe kunka kumeneko. Koma tichenjeze chinthu chimodzi. Nzeru yakale ya sukulu za akhungu inamangidwa pa ana a maso oonongeka, amene asowa zilembo zogwira ndi zala za Braille ndi ndodo yoyendera. Mwana wa bvuto la mu ubongo wina adzazisowa, koma wina iai. Ameneyo asowa kuti aphunzitsidwe kugwiritsa nchito kupenya kumene ali nako. Kumpatsa Braille osayamba wamuyesa ndiko kumanga bandeji pa mwendo wabwino.

Mabuku akulu a nkhaniyi ali m'Chingerezi, ndipo titchula awiri. Loyamba ndilo la Christine Roman-Lantzy, mphunzitsi wa ku America, lotuluka m'chaka cha 2007. Iye anasonkhanitsa makhalidwe 10 a ana otere, ndipo ena a iwo mwawaona kale pa mwana wathu uja: kukonda mtundu umodzi, makamaka wofiira kapena wachikasu, kuona bwino chinthu chogwedezeka, kuchedwa kuyang'ana chinthu chitaikidwa pamaso, kukonda zozolowereka ndi kusaona zachilendo, kuyang'anitsa kuunika, kulephera za patali, ndi kuyang'ana chinthu, kutembenuza nkhope, ndi kuchigwira ali kuyang'ana kumbali. Chotsirizachi chikwiyitsa akulu, pakuti chioneka ngati mwano, koma mwanayo sakhoza kupenya ndi kugwira nthawi imodzi. Lachiwiri ndilo la Gordon Dutton, dotolo wa maso a ana wa ku Glasgow, limene analikonza pamodzi ndi Amanda Hall Lueck m'chaka cha 2015. Glasgow ndi mzinda womwe uja m'mene David Livingstone anaphunzira udotolo asanakwere Shire wathuyu m'chaka cha 1859. Zioneka kuti sitinathane nawo mzinda umenewo. Sukulu ya Perkins ya ku America, imene inakhazikidwa m'chaka cha 1829, iphunzitsanso aphunzitsi nkhaniyi, ndipo ena a maphunziro ache apezeka pa intaneti kwa iye amene ali ndi lamya yotha kutero.

Mwa onsewa, ife tiyesa njira ya Dutton yoyenera ife koposa, chifukwa sifuna makina. Iye anakonza mafunso oposa 50 ofunsa makolo: kodi mwana abvutika potsika makwerero? Kodi aona chinthu chimene mumlozera patali? Kodi apeza chobvala chache pamulu? Kuno kwathu makwerero ngosowa, koma tiri ndi gombe, chulu ndi mzere wa m'dimba. Chinthu cha patali ndicho bwato la kutsidya kapena kakowa pabango. Mphunzitsi wanzeru adzasandutsa mafunsowo akhale a kwathu. Ndipo pali chitsanzo chakuti kutero nkotheka: m'chaka cha 2010 dotolo Melissa Gladstone ndi anzache anatulutsa muyeso wa kakulidwe ka ana wokonzedwa m'Malawi muno, woyesa ana ndi zinthu ndi nchito zimene azidziwa kumudzi, m'malo mwa zidole za ku Ulaya.

Njira imeneyi iri ndi phunziro lobvuta kwa ife ophunzira. Itanthauza kuti buku loyamba la mphunzitsi ndiye mai wa mwana, angakhale sadziwa kulemba dzina lache. Iye ndiye adziwa kuti mwana adya bwino m'mbale yofiira, kuti aona za kudzanja lamanja koposa za kumanzere, kuti madzulo apenya bwino koposa masana pamene dzuwa linyezimira pamadzi. Musamfunse kuti, "Kodi mwanayu aona?" pakuti adzati inde, ndipo adzanena zoona. Mfunseni kuti, "Amai, ndi liti aona bwino, ndipo ndi liti alephera?" Pamenepo khalani chete, mulembe.

Koma mphunzitsi asadziyese dotolo. Mwana yense wokayikitsa apite naye kwa woyesa maso ku chipatala cha boma ku Nsanje, ndipo akamtumiza ku chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth, mpingo uthandize ulendowo. Ana ambiri a bvuto la mu ubongo asowanso mandala, ena ali ndi ng'ala kapena diso lopotoka, ndipo zimenezo zichizika. Akati maso ali bwino, musabwere nkunena kuti mwana anama. Mufotokozereni woyesayo zimene mwalemba, ndi matenda amene mwana anadwala.

Zochita m'kalasi ndi pakhomo

Mankhwala ochiza bvutoli palibe, ndipo wogulitsa otere akubani. Koma ubongo wa mwana uli ngati dimba limene madzi aphwera kumene, ukalimidwa ubala. Lamulo lalikulu ndilo kuchepetsa. Tengani nsaru yakuda yopanda maluwa, muyale, muikepo chinthu chimodzi chimene mwana achidziwa kale, monga chikho chache. Chitenje cha maluwa ndi mbalame, chingakhale chokongola, chimeza chinthucho. Chigwedezeni pang'ono. Pamenepo dikirani, osalankhula. Werengani mumtima kufikira 10 kapena 20, pakuti uthenga wache uyenda pang'ono pang'ono, ndipo mau anu alanda malo a kupenya. Ife akulu tilephera apa koposa pena ponse, tifulumira kunena, "Ona! Ichi! Taona!" ndipo potero titseka khomo limene tifuna kutsegula. Atazolowera chikho chofiira, bwerani ndi mbale yofiira, pambuyo pache chikho cha mtundu wina, ndipo zinthu zichuluke monga mwa mphamvu yache.

M'kalasi akhale patsogolo, zenera likhale kumbuyo kwache, pakuti akaliyang'ana adzaiwala bolodi. Mlembereni zilembo zazikulu, zowerengeka, zotalikirana, pa bolodi lopukutidwa bwino. M'buku phimbani mizere yonse ndi pepala, mutsale umodzi. Ngati saona za pansi, mkwezereni buku lifike pamaso. Mphunzitseni zobvuta m'mawa asanatope. Pomlonjera tchulani dzina lanu, ndipo anzache aphunzire kutero. M'nyumba ya Mulungu akhale kumapeto kwa mzere, osati pakati pa khamu. Pakhomo zinthu zikhale pa malo ache masiku onse, ndipo njira ya kuchimbudzi isakhale ndi makasu ndi mitondo.

Ziwiri tiziopa koposa: moto ndi madzi. Mwana wokonda kuunika ayandikira moto osaona mafuwa ndi mphika. Ndipo pa nyengo ya madzi osefukira, monga tinaona m'zaka za 2015, 2019 ndi 2023, mwana amene ayenda bwino pamudzi pache chifukwa aloweza malo onse asanduka wakhungu ndithu pamsasa wa anthu ambiri, pamene zonse ziri zachilendo. Banja lisankhiretu munthu mmodzi amene adzamgwira dzanja m'bwato ndi pamsasa, ndipo mwanayo abvale chobvala chodziwika. Womgwirayonso abvale mtundu umene mwana aona bwino.

Za kupewa tinena mwachidule, pakuti mwazimva kawiri kawiri. Boma liuza anthu a m'dambo asamukire kumtunda, ndipo ambiri atsala chifukwa cha chonde cha madimba. Mlandu umenewo si wa phunziro lino. Koma okhala kutali ndi chipatala ayenera kufulumira koposa anzao. Mai woyembekezera aoloke masiku asanakwane, akadikire pafupi ndi anamwino. Ana agone m'masikito. Katemera wa malungo anayamba kuperekedwa m'Malawi m'chaka cha 2019, dziko lathu likhala loyamba. Funsani za iye kusikelo. Ndipo mwana wotentha thupi akakomoka, kapena akalephera kuyamwa, bwato limasulidwe nthawi yomweyo, kungakhale pakati pa usiku.

Tipempha mphunzitsi yense ndi mkulu yense ayende m'mudzi mwache mwezi uno, afunse za ana amene anakomoka ndi malungo kapena anachedwa kulira pobadwa. Akapeza wokayikitsa, agule kope laling'ono, alembemo kwa masabata anai zimene amai anena ndi zimene iye mwini aona: tsiku, nthawi, malo, chimene mwana anaona ndi chimene sanachione. Dzina la mwana lisawerengedwe pagulu popanda chilolezo cha makolo. Makopewo mubwere nawo pa msonkhano wa aphunzitsi ulinkudza, ndipo amene adziwa Chingerezi abwere okonzeka kumasulira mafunso a Dutton, kuti tiwakonze pamodzi m'chinenero chathu ndi m'Chisena.